KUKANA MSONKHO NDI KUMANGA NYUMBA YA MALAMULO: SCOTLAND M'CHAKA CHA 1989

Ndikuona kuti pakati pathu pali abale amene anakhalitsa kunja m'masiku a chipani chimodzi, ena ku Lusaka, ena ku Dar es Salaam, ena ku Britain komweko. Ena a inu zimene ndinene madzulo ano munaziona ndi maso. Ndapemphedwa kuti ndilankhule za dziko la Scotland, ndipo ndasankhapo chaka chimodzi chokha, cha 1989.

Tikatchula 1989, ambiri timakumbuka kugwa kwa khoma la ku Berlin. Koma ku Scotland nakonso kunachitika zinthu ziwiri zikuluzikulu, ndipo zinangosiyana masiku awiri. Pa 30 Malichi atsogoleri a zipani, mipingo, makhonsolo ndi mabungwe a anthu apantchito anasaina chikalata chonena kuti eni ake a mphamvu zolamulira Scotland ndi anthu a ku Scotland. Pa 1 Epulo boma la ku London linayamba kukhometsa msonkho watsopano umene anthuwo anaukana kwa mtuwagalu. Mfundo yanga madzulo ano ndi yakuti kukana kunagwetsa msonkho, koma chimene chinawapatsa Nyumba ya Malamulo ndi ntchito ina, yotopetsa, yokhala pansi ndi anthu amene sagwirizana nawo.

Tiyambe ndi kumene nkhaniyi inachokera. Kale Scotland inali ndi Nyumba ya Malamulo yakeyake, koma mu 1707 inalumikizana ndi England, ndipo kuyambira pamenepo malamulo onse ankapangidwira ku Westminster, mumzinda wa London. Dzikoli linatsala ndi makhoti ake, mpingo wake ndi ndondomeko yake ya maphunziro, koma aphungu ake ankakakhala kummwera, kumene anali ochepa pakati pa ambiri.

Pa 1 Malichi 1979 kunachitika riferendamu yofunsa ngati anthu akufuna nyumba yawo yokambiramo nkhani za Scotland. Mwa anthu amene anavota, pafupifupi 52 pa 100 alionse anati inde. Koma m'lamulo munaikidwa msampha wakuti ovomera ayenera kukwana 40 pa 100 alionse a anthu onse olembetsa, ovota ndi osavota omwe. Powerengera chotero, ovomera anangokwana pafupifupi 33. Munthu wodwala amene sanapite kukavota anakhala ngati wakana. Opambana anabwerera kwawo chimanjamanja, ndipo patangotha miyezi iwiri Mayi Margaret Thatcher a chipani cha Conservative anakhala nduna yaikulu ya Britain.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Fakitale ya galimoto ya ku Linwood inatsekedwa mu 1981, ya zitsulo ya ku Gartcosh mu 1986, migodi ya malasha nayonso inkatsekedwa umodziumodzi. Pa chisankho cha 1987 anthu a ku Scotland anayankha. Mwa mipando 72 ya dzikolo, Labour inatenga 50, pamene Conservative inangopeza 10, ndi mavoti 24 pa 100 alionse. Koma popeza chipanichi chinapambana kwambiri ku England, chinapitiriza kulamulira Scotland. Anthu atatu mwa anayi alionse anachikana, koma m'mawa mwake anadzuka ali pansi pa boma lomwelo.

Apa tinene chilungamo. Mayi Thatcher sanali wolamulira mwankhanza monga mmene ife tikuwadziwira maulamuliro ankhanza. Anapambana zisankho zitatu zaufulu. Sankatsekera anthu m'ndende chifukwa chowanyoza, ndipo manyuzipepala ankawatukwana tsiku ndi tsiku. Funso la anthu a ku Scotland linali lina. Kodi boma losankhidwa motsata malamulo lili ndi ufulu wochita chilichonse kwa anthu a dera limene linalikana? Kodi kupambana chisankho ndiye kuti wagula dziko lonse?

Tsono tibwere ku msonkho uja. Kale makhonsolo ankatolera msonkho wa nyumba, wolingana ndi mtengo wa nyumbayo. Mu 1985 nyumba za ku Scotland zinawerengedwanso mitengo, msonkho unakwera, ndipo amene analira kwambiri anali eni nyumba zikuluzikulu, omwe ambiri ankavotera Conservative. Akuluakulu a chipanichi ku Scotland komweko ndiwo anakakamiza kuti njira yatsopano ibwere msanga. Lamulo linadutsa mu 1987, n'kuyamba kugwira ntchito ku Scotland pa 1 Epulo 1989, kutatsala chaka chathunthu kuti lifike ku England ndi ku Wales. Boma linautcha community charge, koma anthu onse ankangoti poll tax, kutanthauza msonkho wa mutu. Ife amene agogo athu ankagona kutchire pothawa amsonkho m'nthawi ya atsamunda, mawu amenewa sakutidabwitsa.

Lamulo lake linali lakuti munthu aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo alipire ndalama yofanana m'dera la khonsolo yake. M'mizinda ikuluikulu ndalamayo inali pakati pa mapaundi 300 ndi 400 pachaka. Mwini chinyumba cha zipinda makumi awiri ndi wosesa mumsewu ankalipira chimodzimodzi. Banja la anthu akuluakulu asanu opanikizana m'kanyumba ka lendi linkalipira kasanu, pamene wolemera wokhala yekha ankalipira kamodzi. Ngakhale malova ndi ana a sukulu za ukachenjede ankayenera kupereka 20 pa 100 alionse a msonkhowo. Boma linkati aliyense wogwiritsa ntchito misewu, sukulu ndi zina za khonsolo aziponyapo kanthu, kuti ovota azilanga makhonsolo owononga ndalama. Anthu anayankha kuti kusenzetsa mwana ndi wamkulu mtolo wofanana si chilungamo.

Otsutsa boma anagawanika pa za chochita. Atsogoleri a Labour ankadana nawo msonkhowu, koma anati anthu asaswe lamulo, ndipo makhonsolo ambiri amene ankautolera anali m'manja mwa Labour yomweyo. Chipani cha SNP, chimene chimafuna kuti Scotland idziyimire payokha, chinapempha anthu opeza bwino kuti akane kulipira pofuna kuyima ndi osauka. Koma mphamvu yeniyeni inachokera m'makomboni a ku Glasgow, Edinburgh ndi Dundee, kumene anthu anakhazikitsa timagulu tokana msonkho, msewu ndi msewu.

Munthu akapanda kulipira, khonsolo inkatumiza masherifu. Iwowa ankalowa m'nyumba, n'kulemba katundu monga wailesi yakanema ndi mipando, kuti adzagulitsidwe poyera. Anthu ankachitenga ngati chipongwe chachikulu. Tsono timagulu tija tinagwirizana kuti mbiri ikamveka yoti masherifu akubwera kwa mayi wakutiwakuti, aneba aziimbirana telefoni. Masherifu pofika ankapeza khamu la anthu litadzaza pakhomo ndi pamasitepe, ambiri mwa iwo amayi, ndipo ankabwerera osagwira kanthu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Amene sanalipire anafika zikwi mazanamazana, ena pokana mwadala, ena chifukwa analibiretu ndalamazo.

Mmodzi mwa atsogoleri a kukanaku anali Tommy Sheridan, mnyamata wa ku Pollok mumzinda wa Glasgow. Mu 1992 anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 6 chifukwa chonyozera chiletso cha khoti pokalepheretsa kugulitsidwa kwa katundu wa munthu, ndipo anasankhidwa kukhala khansala ali m'ndende momwemo. Msonkho utatsala pang'ono kuyamba ku England mu 1990, ku London kunabuka chipolowe pa 31 Malichi. Mu Novembala chaka chomwecho aphungu a chipani chawo anawatembenukira Mayi Thatcher, ndipo anatula pansi udindo. Boma la John Major linauthetsa msonkho wa mutu, ndipo mu 1993 unalowedwa m'malo ndi msonkho wina wotengeranso mtengo wa nyumba.

Anthu anapambana, koma walira mvula walira matope. Makhonsolo anasowa ndalama zoyendetsera ntchito zimene osauka omwewo ankadalira. Anthu ambiri anadzichotsa m'kaundula wa ovota poopa kuti amsonkho angawapeze, n'kutaya dala mphamvu yawo ya voti. Ngongole za msonkhowu zinawatsatira anthu kwa zaka zoposa makumi awiri, mpaka pamene zinafafanizidwa ndi lamulo mu 2015. Ndipo msonkho utapita, funso lija linali likadalipo: mawa boma la ku London likabwera ndi china, adzachita chiyani? Adzayimanso pamasitepe?

Ndiye chifukwa chake tsiku la 30 Malichi lili lofunika. Gulu lina limene linakhala likumenyera nyumba ya malamulo ya Scotland chiyambire 1980 linapempha anthu odziwika, motsogozedwa ndi Sir Robert Grieve, kuti alembe maganizo awo. Mu Julayi 1988 iwo anati pakhale bwalo limodzi la aphungu, makhansala, mipingo ndi mabungwe, loti ligwirizane za mtundu wa nyumba ya malamulo imene dziko likufuna. Bwaloli linatchedwa Scottish Constitutional Convention, ndipo linakumana koyamba pa 30 Malichi 1989 mumzinda wa Edinburgh, mu holo ya msonkhano waukulu wa mpingo wa Church of Scotland.

Holo imeneyi ife a Malawi ikutikhudza. Mu Meyi 1959, patangotha miyezi iwiri boma la atsamunda litamanga Dr Kamuzu Banda ndi otsatira Congress ambirimbiri, m'menemo ndi mmene mbusa George MacLeod anayima n'kulimbikitsa mpingo wonse kuti ulankhulire anthu a ku Nyasaland, ndipo msonkhanowo unavomereza. Mu holo yomweyo mu Meyi 1988 Mayi Thatcher analankhula kwa azibusa poteteza mfundo zawo za chuma, ndipo atamaliza, mtsogoleri wa msonkhano, mbusa James Whyte, anawapatsa malipoti a mpingo onena za umphawi ndi kusowa kwa nyumba kuti akawerenge.

Pali chinanso chimene akuluakulu muno mukukumbuka. M'masiku omwewo a kumapeto kwa Malichi 1989, Mayi Thatcher sanali ku Britain. Anali paulendo wa mu Africa, ndipo anafika kuno ku Malawi ngati alendo a Dr Banda, n'kupitirira ku Namibia pa 1 Epulo. Nthawi imeneyo a Jack Mapanje anali ku Mikuyu, a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa anali kundende ya Zomba. Anthu a ku Scotland ankasonkhana masana dzuwa likuswa mtengo kutsutsa boma lawo, popanda womangidwa. Kuno munthu ukanangolota za msonkhano wotere ukanakadzukira kupolisi.

Chikalata chimene anasaina chimatchedwa Claim of Right, dzina lotengera chikalata china cha 1689, zaka 300 m'mbuyomo, chimene nyumba ya malamulo yakale inachotsera mfumu James pampando. Mfundo yake yoyamba ndi yakuti anthu a ku Scotland ali ndi mphamvu zonse zosankha mtundu wa boma woyenera zosowa zawo. Ku Britain imeneyi inali nkhani yaikulu, chifukwa kumeneko chiphunzitso chakale chimati mphamvu zonse zili ndi Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster. Anasaina aphungu 58 mwa 72, makhonsolo 59 mwa 65, mipingo ndi mabungwe a apantchito. Pakati pa osainawo panali John Smith, Donald Dewar ndi Gordon Brown. Apampando anali awiri, Harry Ewing wa Labour ndi David Steel wa chipani chimene lero chimatchedwa Liberal Democrats.

Woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku sanali wandale ayi. Anali wansembe, Canon Kenyon Wright, mlembi wamkulu wa bungwe la mipingo ya ku Scotland. Polankhula tsikulo, iye anafunsa kuti nanga liwu lija limene onse akulidziwa bwino likayankha kuti ife tikuti ayi, ndipo ife ndife boma, atani? Anadziyankha yekha: ife tikuti inde, ndipo ife ndife anthu.

Si onse anabwera. A Conservative anakana, nati bwaloli lilibe mphamvu iliyonse pamalamulo, ndipo pamenepo sanali kunama. A SNP anapita ku zokambirana zoyamba, kenaka anatuluka, ponena kuti Labour idzapondereza onse ndiponso kuti nkhani yodziyimira paokha sidzaloledwa pabwalopo. Phungu mmodzi wa Labour, Tam Dalyell, anakana kusaina. Otsalawo sanadikire kuti aliyense avomere. Anayamba ndi amene analipo.

Mawu okoma a tsiku loyamba atatha, panatsala ntchito. Aphungu adzakhale angati? Adzasankhidwa bwanji? Ndi nkhani ziti zimene zidzatsale ku London? Ndalama zidzachokera kuti? Anakangana zaka zoposa 6. Mu 1992 chipani cha Conservative chinapambananso chisankho cha Britain, ndipo ambiri anataya mtima. Ena anayamba kulonda usana ndi usiku m'mphepete mwa phiri la Calton Hill ku Edinburgh, ndipo anakhala pamenepo zaka zoposa zisanu. Makomiti anapitiriza kukumana, mpaka pa 30 Novembala 1995 pamene anatulutsa ndondomeko yonse yomalizidwa.

Mvetserani chimene Labour inachita, chifukwa pagona nkhani ndi pamenepa. Chipanichi chinali ndi mipando 50 mwa 72, ngakhale mavoti ake sankafika theka. Chikanaumirira njira yakale yoti woposa mnzake ndi voti imodzi watenga zonse, chikanalamulira nyumba yatsopanoyo popanda wopikisana nacho. Koma zipani zing'onozing'ono ndi anthu a kumpoto ndi kuzilumba ankaopa kuti angochoka m'manja mwa London n'kulowa m'manja mwa Glasgow. Labour inagonja. Anagwirizana kuti aphungu adzakhale 129: okwana 73 osankhidwa m'madera monga mwa nthawi zonse, ndi 56 ogawidwa malingana ndi mavoti amene chipani chapeza m'chigawo. Chipani chachikulu chinavomera lamulo lochepetsa mphamvu zake zomwe, chisanalowe n'komwe m'boma.

Amayi nawonso sanakhale chete. Pa chisankho cha 1987, mwa aphungu 72 a Scotland amayi anali atatu okha: Maria Fyfe, Margaret Ewing ndi Ray Michie. Amayi a m'mabungwe a apantchito ndi m'zipani anati sangathandize kumanga nyumba imene adzangoionera pawindo, ndipo anafuna theka la mipando. Theka sanalipeze, koma pa chisankho choyamba amayi 48 analowa.

Chaka cha 1989 chinaonetsanso kusintha m'njira zina. Mu Juni, pa chisankho cha Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya, Conservative inataya mipando yake iwiri yomaliza ya ku Scotland. Labour inatenga 7, SNP umodzi. Mu Julayi timu ya Rangers ya ku Glasgow, imene kwa zaka makumimakumi inkapewa kulemba osewera odziwika kuti ndi Akatolika, inagula Mo Johnston, Mkatolika amene kale ankasewerera adani awo a Celtic. Otsatira timuyi ena anawotcha masikafu awo pokwiya. Amene amadziwa chidani cha Akatolika ndi Apulotesitanti mumzinda umenewu akudziwa kuti imeneyi sinali nkhani ya mpira wokha.

Zipatso zinabwera mochedwa. Pa 1 Meyi 1997 Labour inapambana chisankho cha Britain, ndipo Conservative sinapeze mpando ngakhale umodzi ku Scotland. Boma latsopano silinachite kuyamba kufufuza chochita, chifukwa ndondomeko inali kale pathebulo. Pa riferendamu ya pa 11 Sepitembala 1997, anthu 74 pa 100 alionse anavomera Nyumba ya Malamulo, ndipo oposa 63 anavomera kuti ikhale ndi mphamvu zosintha msonkho. Ulendo uno a SNP anakopa anthu limodzi ndi Labour ndi Liberal Democrats. Pa 12 Meyi 1999 aphungu anakumana koyamba, mu holo yomwe ija ya mpingo, ndipo Donald Dewar anakhala mtsogoleri woyamba wa boma la Scotland.

Taonani mmene malamulo achilungamo amathandizira ngakhale owakana. A Conservative, amene ananyoza bwalo la 1989, anapeza mipando 18 mu 1999, yonse kudzera m'njira yogawana ija. A SNP, amene anatuluka, analanda boma mu 2007 ndi mipando 47 pamene Labour inapeza 46, ndipo Labour inachoka popanda kuponya mwala. Tommy Sheridan anakhala phungu mu 1999, ndipo lamulo loletsa masherifu kugulitsa katundu wa m'nyumba mwa njira yakale ija analibweretsa ndi iyeyo. Mbiri yake inadzaipa mu 2010 pamene khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wonama atalumbira, koma njira yakale ija sinabwererenso. Mu 2014 dziko lonse linafunsidwa ngati likufuna kuchoka mu Britain. Anthu 55 pa 100 alionse anakana, 45 anavomera, ndipo mkangano umenewo sunathe mpaka lero. Koma akukangana m'nyumba yawo.

Abale anga, ife tinavota pa 14 Juni 1993 kukana chipani chimodzi, ndipo kukana timakudziwa. Chimene chaka cha 1989 cha ku Scotland chikutifunsa ndi china. Kodi chipani chimene chili ndi mphamvu lero chingavomere lamulo limene lingadzachichotse mawa? Kodi amene apambana ndi mavoti a chigawo chimodzi amakumbuka kuti akulamuliranso zigawo zimene zinawakana? Kodi mipingo ndi mabungwe athu amakhalabe pathebulo msonkhano wa chisangalalo ukatha, pamene patsala mapepala ndi mikangano ya manambala? Amayi aja amene ankayima pamasitepe ku Glasgow anateteza mipando ya mnansi wawo tsiku limenelo. Kuti njira yakale yogulitsa katundu wa m'nyumba ithe, panafunika nyumba ya malamulo yoti idutsitse lamulo, ndipo kuimanga kunatenga zaka khumi.

A wapampando, ndalankhula nthawi yaitali. Ndisiyire pomwepa kuti anzanga, makamaka amene anali ku Britain m'zaka zimenezo, aonjezerepo ndi kufunsa mafunso.